SSH imalowa mukayesa pamanja, koma cron ikayesa usiku imakanidwa

Mwalemba script yoti usiku uliwonse izikopera mafayilo kuchoka pa seva imodzi kupita pa ina kudzera pa SSH, njira yotetezeka yolowera pa kompyuta ina muli kutali. Mwaiyesa pamanja, yayenda bwinobwino, osafunsa pasiwedi. Mwaiika mu crontab, mndandanda wa ntchito zimene pulogalamu ya cron imayambitsa pa nthawi yoikika, kuti iziyamba yokha anthu atagona. Kukacha mukayang'ana ku seva inayo, kulibe chatsopano chilichonse. Chowawa kwambiri n'chakuti ambiri sayang'ana kukacha. Amadzazindikira patapita milungu, tsiku lomwe diski yafa ndipo akufuna backup ija kuti iwapulumutse.

Gwero la vutoli nthawi zambiri ndi limodzi: cron si inu. Mukakhala pa terminal mumakhala ndi zinthu zambiri zimene simuziganizira n'komwe. Pali ssh-agent imene ikusunga kiyi wanu ali wotsegula kale. Pali terminal yeniyeniyo, pomwe ssh ingakufunseni funso inu n'kuyankha. Pali PATH (mndandanda wa mafoda ofufuzamo mapulogalamu) yaitali imene .profile ndi .bashrc zakukonzerani, komanso fayilo ya known_hosts ya akaunti yanu, yosunga makiyi a maseva amene munawavomera, imene inadzaza kalekale. cron imayambitsa ntchito ilibe chilichonse mwa izi. Zili ngati kutuma mwana kuti akatenge katundu m'nyumba yokhoma, mutaiwala kuti inu mumalowamo mosavuta chifukwa kiyi amakhala m'thumba mwanu. Ndiye funso loyenera si lakuti "kodi SSH ikugwira?" koma "kodi ikugwira kwa akaunti iyi, yopanda terminal, yopanda agent?"

Ilankhulitseni kaye

Musanasinthe kanthu, pezani mawu enieni amene ssh ikunena pokanidwa. Ambiri amathamangira kupanga kiyi watsopano, kenako wina, kenako winanso, mpaka authorized_keys, fayilo ya ku seva yosunga makiyi ololedwa kulowa, imadzaza makiyi osadziwika mwini wake, vuto lili pomwepo.

cron imatumiza zonse zimene ntchito yalemba ku imelo ya mwini crontab. Koma maseva ambiri alibe pulogalamu yotumizira imelo, choncho uthengawo umangotayidwa. Pa Debian ndi Ubuntu mumaona mu log mawu akuti "No MTA installed, discarding output". Ikani zotulukazo mu fayilo:

```
30 2 * * * /usr/local/bin/tumiza-backup >> /home/wosunga/backup.log 2>&1
```

Kachidutswa ka `2>&1` ndiko kofunika kwambiri, chifukwa ssh imalemba madandaulo ake ku stderr, njira ya mauthenga a zolakwika, ndipo kachidutswaka kamawalozetsa ku fayilo yomweyo. Onetsetsaninso kuti akauntiyo ili ndi chilolezo cholemba pamalo pamene mwaika log. Ngati ilibe, shell imagwa isanafike n'komwe pa script yanu.

Fayilo ya log ikapanda kuoneka, ndiye kuti cron sinayambitse ntchitoyo, ndipo SSH ilibe mlandu. Apa pali misampha itatu yodziwika. Chizindikiro cha `%` mu crontab chimatanthauza mzere watsopano, choncho `date +%F` imadula lamulo lanu pakati pokhapokha mutalemba `date +\%F`. Mafayilo a mu /etc/cron.d amafuna dzina la akaunti pakati pa nthawi ndi lamulo, pomwe crontab ya munthu simafuna. Ndipo pa Debian ndi Ubuntu, script ya mu /etc/cron.daily yokhala ndi dontho m'dzina lake, ngati backup.sh, imadumphidwa mwakachetechete.

Simukuyenera kudikira mpaka usiku kuti muyese. Mukhoza kudzivula zonse zimene cron ilibe n'kuyendetsa ntchitoyo pompano:

```
sudo -u wosunga env -i HOME=/home/wosunga LOGNAME=wosunga PATH=/usr/bin:/bin /bin/sh -c '/usr/local/bin/tumiza-backup' < /dev/null
```

`env -i` imafufuta zonse, n'kusiya zokhazo zimene mwalemba. PATH yaifupi imeneyo ndi imene cron imapereka pa makina ambiri, ndipo shell yake ndi /bin/sh, osati bash. M'kati mwa script, onjezani `-o BatchMode=yes` pa lamulo la ssh. Imeneyi imaletsa ssh kufunsa funso lililonse: ikasowa chochita imangogwa n'kunena chifukwa. Onjezaninso `-v` pa nthawi yofufuzayi. Ssh yeniyeniyo ikalephera imatuluka ndi nambala 255. Nambala ina iliyonse imachokera ku lamulo limene layendetsedwa kutaliko. Kusiyanitsa ziwirizi kumakuuzani msanga ngati vuto lili pakhomo kapena m'kati.

"Permission denied (publickey)"

Uthenga uwu ndi umene umaoneka kawirikawiri, ndipo mwadala suulula zambiri, chifukwa seva siyenera kufotokozera mlendo chimene chamulepheretsa kulowa. Koma zolemba za `-v` zimagawa nkhaniyi patatu. Yang'anani mizere iwiri: "Offering public key" ndi "Server accepts key". Ngati woyambawo palibe, kapena ukutchula kiyi wina osati amene mukumufuna, vuto lili pa kompyuta yotumiza. Ngati woyamba ulipo koma wachiwiri palibe, seva yamuona kiyiyo n'kumukana, ndipo chifukwa chake chili mu log ya seva. Ngati yonse iwiri ilipo koma kulowa kwalephereka, ndiye kuti ssh yalephera kutsegula kiyi wachinsinsi, ndipo kawirikawiri n'chifukwa ali ndi passphrase, mawu achinsinsi otsekera kiyiyo.

Tiyambe ndi chomalizachi, chifukwa ndi chimene chimanyenga anthu kwambiri. Mukuti SSH yanu sifunsa pasiwedi. Zoona, koma mwina sifunsa chifukwa munatsegula kiyi m'mawa ndipo ssh-agent ikumusunga. Ssh imapeza agent kudzera pa SSH_AUTH_SOCK, ndipo cron ilibe zimenezo. Pali mtundu wina wobisika kwambiri: mwalowa pa seva yoyamba ndi `ssh -A`, kapena muli ndi ForwardAgent mu config ya laputopu yanu. Kuchokera pamenepo mukulowa pa seva yachiwiri mosavuta, n'kuganiza kuti maseva awiriwa amadziwana. Ayi ndithu. Kiyi amene akugwira ntchitoyo ali pa laputopu yanu, ndipo mukatseka laputopu n'kupita kukagona, kiyiyo amapita nanu. Kuti mutsimikize, lembani `ssh-add -l` muone makiyi amene agent ili nawo, kenako yesani opanda agent:

```
ssh -o IdentityAgent=none -o BatchMode=yes wosunga@192.0.2.10 true
```

Ikakanidwa apa, mwapeza chimene chimachitika usiku.

Mankhwala ake si kuchotsa passphrase pa kiyi wanu. Kiyi ameneyo amatsegula makomo ambiri, ndipo sayenera kugona pa seva ali wosatetezedwa. Sindikulimbikitsanso sshpass, pulogalamu yokulemberani pasiwedi ssh ikafunsa: pasiwedi imakhala yolembedwa poyera mu script, ndipo mukaipereka ndi `-p` ikhoza kuoneka kwa ena pa mndandanda wa mapulogalamu amene akuyenda. Ena amagwiritsa ntchito keychain kuti agent ikhale yamoyo nthawi yaitali ndipo cron iziipeza. Zimagwira, koma seva ikangozima n'kuyakanso, ntchito imaima mpaka munthu adzalembenso passphrase, ndipo mwabwerera ku vuto lomwe lija la kulephera mwakachetechete.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi kupanga kiyi wa ntchito imodzi yokhayo, wopanda passphrase, kenako n'kumumanga manja kumbali ya seva. Za kumangazo tidzafikako kumapeto. Mupangeni muli mu akaunti imene idzayendetse ntchitoyo:

```
ssh-keygen -t ed25519 -N '' -f ~/.ssh/id_backup -C 'backup ya usiku, seva1'
ssh-copy-id -i ~/.ssh/id_backup.pub wosunga@192.0.2.10
```

Ed25519 inalowa mu OpenSSH 6.5 mu 2014, ndipo kuyambira 9.5 mu 2023 ndi mtundu umene ssh-keygen imapanga mukapanda kusankha. Ndemanga ya `-C` musainyozere. Pakatha zaka ziwiri, munthu amene adzatsegule authorized_keys adzadziwa kuti mzere uwu ndi wa chiyani ndipo unachokera kuti.

Pa kompyuta yotumiza, vuto lina ndi akaunti yolakwika. Mukalemba `sudo crontab -e` mukusintha crontab ya root, akaunti ya woyang'anira makina, ndipo root amayang'ana makiyi mu /root/.ssh, osati m'foda yanu. Ena amayesa kukonza izi polemba `HOME=/home/dzina` pamwamba pa crontab. Sizithandiza, chifukwa OpenSSH simatengera HOME pofuna .ssh, imafunsa dongosolo la maakaunti kuti foda ya akaunti imene ikuyendayo ndi iti. Ikani `id` pamwamba pa script kwa tsiku limodzi, log idzakuuzani amene akuyendetsa ntchitoyo. Ngati mukugwiritsa ntchito timer ya systemd m'malo mwa cron, zonse tanenazi zikukhudzani chimodzimodzi, ndipo onaninso `User=` komanso `ProtectHome=`, imene ikakhala yes imabisa /home ndi /root kwa ntchitoyo.

Linanso: ssh imayesa yokha makiyi a mayina odziwika okha, monga id_ed25519 ndi id_rsa. Kiyi wotchedwa id_backup muyenera kumutchula. M'malo modzaza mzere wa crontab ndi zosankha, zilembeni mu ~/.ssh/config ya akauntiyo:

```
Host nkhokwe
    HostName 192.0.2.10
    User wosunga
    IdentityFile ~/.ssh/id_backup
    IdentitiesOnly yes
    BatchMode yes
    ConnectTimeout 20
    ServerAliveInterval 30
```

Tsopano ssh, git, ndi mapulogalamu okopera mafayilo monga scp ndi rsync, zonse zidzamva dzina loti nkhokwe mofanana. `IdentitiesOnly yes` imaletsa ssh kuyesa makiyi ena onse amene yawapeza. Seva imalola kuyesa ka 6 kokha ngati MaxAuthTries sinasinthidwe, ndipo kiyi aliyense woperekedwa amawerengedwa. Mukakhala ndi makiyi ambiri, mumathamangitsidwa ndi "Too many authentication failures" kiyi woyenera asanafikidwe.

Seva ikamuona kiyi n'kumukana

Apa siyani kuyang'ana kompyuta yotumiza, pitani ku log ya seva. Pa Ubuntu ndi /var/log/auth.log, pa Red Hat ndi abale ake ndi /var/log/secure. Pa Debian 12 fayilo ya auth.log mwina simuipeza chifukwa rsyslog siikidwa yokha; gwiritsani ntchito `journalctl -u ssh`, kapena `-u sshd` pa makina ena. Tsegulani log pa windo imodzi, yesani kulowa pa ina, muone mzere umene ukutuluka.

Mzere umene ungatuluke kawirikawiri ndi "Authentication refused: bad ownership or modes for directory". Chifukwa cha StrictModes, imene imakhala yoyaka kuyambira pachiyambi, sshd, pulogalamu ya pa seva yolandira olowa, imakana kukhulupirira authorized_keys ngati munthu wina kupatula mwini wake akhoza kuilemba. Siyang'ana fayilo yokhayo. Imayang'ananso foda ya .ssh ndi foda yaikulu ya akauntiyo, chifukwa amene angalembe m'fodamo akhoza kuchotsa .ssh n'kuikapo yake.

```
chmod go-w ~
chmod 700 ~/.ssh
chmod 600 ~/.ssh/authorized_keys
```

Foda yaikuluyo ndi imene anthu amaiwala. Taonani izi mwapafupi. Script yanu ili ndi `rsync -a /srv/zolemba/ nkhokwe:` ndipo foda ya /srv/zolemba ili pa 775 kuti gulu lonse lizilembamo. Usiku woyamba zonse zikuyenda. Koma `-a` imakopera ndi zilolezo zomwe, ndipo popeza mwalozetsa ku foda yaikulu ya akauntiyo, fodayo tsopano yasanduka 775. Usiku wachiwiri sshd ikukana kiyi. Ntchitoyo yadzitsekera yokha panja, ndipo palibe munthu amene wakhudza kanthu. Mukakonza zilolezo, imagwira usiku umodzi n'kudzitsekeranso. Lozetsani rsync ku foda ina ya m'kati, osati pa foda yaikulu.

Onaninso mwini wa fayilo. Root akapanga authorized_keys ya munthu wina n'kuiwala `chown`, fayilo ya 600 ya root siwerengeka, chifukwa sshd imaiwerenga ngati akauntiyo, osati ngati root.

Kumbali yotumiza kuli lamulo lofanana: kiyi wachinsinsi akakhala wowerengeka ndi ena, ssh imafuula kuti "UNPROTECTED PRIVATE KEY FILE" n'kumusiya. `chmod 600` imathetsa.

Zilolezo zikakhala bwino, kayikirani mzere weniweniwo. Kiyi aliyense ayenera kukhala pa mzere umodzi wosaduka. Kukopera kuchoka mu imelo kumaudula pakati. Fayilo ikakhala yopanda mzere watsopano kumapeto, kiyi amene mwamuonjezera ndi `>>` amamatirira kumchira kwa wakale n'kusanduka mbali ya ndemanga yake. Musadalire maso. Yendetsani `ssh-keygen -lf ~/.ssh/id_backup.pub` kotumiza, ndi `ssh-keygen -lf ~/.ssh/authorized_keys` ku seva, muone ngati chidindo cha SHA256 chikupezeka mbali zonse.

Zotsala ndi zapatalipatali koma zimachitika. Pa makina a SELinux, foda ya .ssh yosamutsidwa ndi `mv` imabwera ndi chizindikiro cholakwika. `restorecon -Rv ~/.ssh` imakonza. AllowUsers kapena AllowGroups mu sshd_config ikhoza kukhala yosatchula akaunti yanu yatsopano. `sshd -T` imaonetsa zosankha zimene zikugwiradi ntchito, kuphatikizapo zochokera mu /etc/ssh/sshd_config.d. Pa seva yopanda PAM (dongosolo lotsimikizira olowa), akaunti yotsekedwa ndi `passwd -l` imakanidwa ngakhale ndi kiyi. Pa seva ya Windows, akaunti ya m'gulu la Administrators imawerenga makiyi mu C:\ProgramData\ssh\administrators_authorized_keys, osati m'foda ya munthuyo. Ndipo ngati foda ya akaunti ndi yobisidwa mwa njira yoti imatseguka mwini wake akalowa, monga ya eCryptfs, kiyi amagwira inu muli m'kati n'kuleka mukatuluka. Chizindikiro chake n'chomwecho: mukayesa masana muli olowa zikuyenda, usiku ayi. Ku seva, sunthani makiyi ndi `AuthorizedKeysFile /etc/ssh/authorized_keys/%u`.

Zonsezi zikalephera, yambitsani sshd ina yongoyesera pa port ina: `sudo /usr/sbin/sshd -d -p 2222`. Imalandira munthu mmodzi, n'kulemba chilichonse chimene ikuganiza, kenako n'kuzima, osakhudza sshd imene ikukusungani m'kati.

"Host key verification failed"

Uwu si wa kiyi wanu, ndi wa kiyi wa seva. Nthawi yoyamba kulumikizana, ssh imafunsa kuti "Are you sure you want to continue connecting?" Inu munayankha yes kalekale n'kuiwala. Yankholo linalembedwa mu known_hosts ya akaunti yanu yokha, pansi pa dzina lenileni limene munagwiritsa ntchito. Akaunti ya cron sinayankhepo, ndipo ilibe poyankhira. Mu `-v` nthawi zina mumaona "can't open /dev/tty". Dziwaninso kuti dzina la seva, adiresi yake ya IP, ndi dzina lomwelo pa port ina zimalembedwa padera. Munavomera dzina, script ikugwiritsa ntchito IP, ndiye kwa ssh ameneyu ndi mlendo.

Njira yolongosoka: pa sevayo lembani `ssh-keygen -lf /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub`, sungani chidindocho, kenako lumikizani kamodzi muli mu akaunti ya ntchitoyo, ndi `-o BatchMode=no` kuti ifunse, n'kufananitsa musanavomere. Ngati maakaunti ambiri amalumikiza ku seva yomweyo, ikani mzerewo mu /etc/ssh/ssh_known_hosts. `ssh-keyscan` imathandiza kutenga kiyiyo, koma imangolandira chilichonse chimene yapatsidwa, choncho kufananitsa chidindo kumafunikabe.

Mukafufuza pa intaneti, yankho loyamba limakhala `StrictHostKeyChecking=no` pamodzi ndi `UserKnownHostsFile=/dev/null`. Chonde musatero. Zoona, seva yabodza singabe kiyi wanu wachinsinsi, chifukwa kiyiyo sachoka pa kompyuta yanu. Koma seva yabodza ikhoza kungonena kuti "lowani", ndipo script yanu idzaipatsa database yonse usiku uliwonse, n'kulemba mu log kuti zayenda bwino. Ntchito yopanda munthu woiyang'anira ndi imene imafunika chitetezo chimenechi kuposa zonse. Ngati mukufunadi kuti ivomere yokha nthawi yoyamba, `accept-new`, imene inabwera mu OpenSSH 7.6 mu 2017, imalandira seva yatsopano koma imakana kiyi akasintha.

Uthenga wa "REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED" ukabwera pa ntchito imene yakhala ikuyenda, funsani kaye ngati sevayo inaikidwanso mwatsopano kapena IP inapatsidwa kwa makina ena. Mukatsimikiza, `ssh-keygen -R 192.0.2.10` imachotsa mzere wakale, kenako vomerani watsopano mutafananitsa chidindo.

Inkagwira zaka zambiri, yaleka mutakweza makina

Mu 2021, OpenSSH 8.8 inazimitsa siginecha ya ssh-rsa, imene imadalira SHA-1. Ambiri anakumana nazo atakwera ku Ubuntu 22.04, imene ili ndi 8.9. Sikuti makiyi a RSA anafa: kiyi yemweyo amatha kusaina ndi SHA-2, ndipo OpenSSH yatha kuchita zimenezi kuyambira 7.2. Vuto limabuka pamene mbali inayo ndi yakale kuposa pamenepo, monga rauta, switch kapena bokosi losungira mafayilo limene silinakwezedwepo. Mu `-v` mumaona "no mutual signature algorithm" kapena "no matching host key type found". Ngati chipangizocho chimadziwa Ed25519 kapena ECDSA, pangani kiyi wa mtundu umenewo. Ngati sichidziwa, tsegulani njira yakaleyo kwa icho chokha, pansi pa Host yake mu config: `PubkeyAcceptedAlgorithms +ssh-rsa` ndi `HostKeyAlgorithms +ssh-rsa`. Musaziike pansi pa `Host *`. Makiyi a DSA okha ndiwo alibenso pothawira: anazimitsidwa mu 7.0 mu 2015, ndipo 10.0 inawachotseratu mu 2025.

Kusintha kwina: kuyambira 9.0 mu 2022, scp imadutsira njira ya SFTP. Ngati seva ilibe SFTP, kapena muli ndi script yolondera imene imangolola lamulo loyamba ndi scp, kukopera kumaleka. `scp -O` imabwezeretsa njira yakale.

Yalowa, koma ntchito siikutha

Kulowa kukatheka, mavuto ena amadikira m'kati. Lamulo loyendetsedwa ndi `ssh nkhokwe lamulo` siliwerenga .profile ya kutaliko, ndiye "command not found" imabwera ngakhale pulogalamuyo ilipo. Lembani njira yonse ya pulogalamuyo. Koma bash pa makina ambiri imawerengabe .bashrc, ndipo ngati mmenemo muli `echo` ya malonje, mawuwo amalowerera m'zokambirana za rsync n'kutulutsa "protocol version mismatch -- is your shell clean?" Yesani `ssh nkhokwe true`: sikuyenera kutuluka ngakhale chilembo chimodzi. Ngati lamulo lakutali lili ndi sudo, idzafuna terminal yofunsirapo pasiwedi. Iloleni lamulo limodzi lenilenilo ndi NOPASSWD mu sudoers, osati ALL.

Msampha wina wokhumudwitsa: script ikuwerenga mndandanda wa maseva ndi `while read`, koma ikungochita seva yoyamba n'kutha popanda dandaulo. Ssh yameza mizere yonse yotsala, chifukwa imawerenga stdin, njira imene mizereyo ikulowera, n'kuitumiza kutali. Onjezani `-n`.

Netiweki ikaduka pakati, ssh ikhoza kungokhala chidikirire, ndipo usiku wotsatira cron imayambitsa ina pamwamba pake. N'chifukwa chake mu config muja muli ServerAliveInterval 30: seva ikapanda kuyankha katatu, ssh imadula pakatha pafupifupi masekondi 90. `flock -n /home/wosunga/backup.lock` kutsogolo kwa lamulo imaletsa ziwiri kuyenda limodzi. Ngati makina ambiri amalumikiza pa mphindi imodzimodzi n'kumalandira "kex_exchange_identification", onani MaxStartups, imene imayamba kukana ena olumikiza osamaliza kulowa akapitirira 10. Siyanitsani mphindi zawo. Kumbukiraninso kuti poyesayesa muja mwina mwadzitsekera nokha: fail2ban, komanso PerSourcePenalties ya OpenSSH 9.8 kupita m'tsogolo, zimatsekera kwa kanthawi adiresi imene yalephera kambirimbiri.

Kumanga manja kiyi wopanda passphrase

Kiyi wopanda passphrase ndi fayilo chabe. Amene waikopera ali ndi mphamvu zonse za akauntiyo, pokhapokha seva itamuikira malire. Kufika poti ntchito ikuyenda n'kulekera pomwepo ndi kusiya theka la ntchito. Malirewo amalembedwa kutsogolo kwa kiyi mu authorized_keys, pa mzere womwewo:

```
restrict,from="198.51.100.7",command="/usr/bin/rrsync -wo /srv/backup/seva1" ssh-ed25519 AAAA... backup ya usiku, seva1
```

`restrict`, imene inabwera mu 7.2, imatseka terminal, kutumiza ma port, agent ndi X11 nthawi imodzi. `from=` imalola adiresi imodzi yokha. `command=` imati chilichonse chimene wolowayo wapempha, seva iyendetse ichi chokha; chimene anapemphacho chimaikidwa mu SSH_ORIGINAL_COMMAND kuti script yolondera ichiunike. rrsync imabwera ndi rsync ndipo imachita ulonda umenewu: imatsekera wolowayo m'foda imodzi, `-wo` kulemba kokha, `-ro` kuwerenga kokha. Pa makina ena ili mu /usr/bin, pa ena ili pakati pa zolemba za rsync mu /usr/share/doc. Mukaiika, njira za mu script yanu zimayambira m'foda yotsekeredwayo, ndiye lembani `nkhokwe:www/` osati `nkhokwe:/srv/backup/seva1/www/`.

Ganiziraninso mbali imene ikusunga kiyi. Seva yoyang'ana pa intaneti ikamakankhira mafayilo ku nkhokwe, wakuba amene wailanda amatha kulemba zinyalala pamwamba pa backup. Nkhokwe ikamakoka yokha ndi kiyi wa `-ro`, seva yolandidwayo ilibe njira yofikira kumeneko. Ine ndimasankha kukoka paliponse pamene zingatheke, podziwa kuti nkhokweyo tsopano ikuwerenga maseva onse ndipo iyenera kutetezedwa kuposa onsewo. Ngati ntchito ikufunadi root kutaliko, `PermitRootLogin forced-commands-only` imalola root kulowa ndi kiyi wokhala ndi `command=` yekha.

Malirewa nawonso amabweretsa "Permission denied" yawoyawo, choncho aikeni limodzilimodzi, mukuyesa pakati. Mpata umodzi pambuyo pa chizindikiro cha `,` umaononga mzere wonse. Mu `from=` lembani IP, chifukwa mayina sagwira pamene UseDNS ili no, ndipo ndi mmene imakhalira ikapanda kusinthidwa. Log ikanena kuti "correct key but not from a permitted host", yang'anani adiresi imene yalembedwa pamzerewo: mwina mukudutsa pa NAT, pomwe rauta imasintha adiresi yanu, kapena makina awiriwa asankha kulankhulana pa IPv6 pomwe inu munalemba IPv4 yokha. Onjezani adiresi yachiwiriyo mu `from=`, yolekanitsidwa ndi chizindikiro cha `,`, kapena ikani `AddressFamily inet` mu config.

Mukamaliza, yesani kuchita ndi kiyiyo chimene sayenera kuchita. `ssh nkhokwe` iyenera kukana kukupatsani shell, ndipo `ssh nkhokwe cat /etc/passwd` iyenera kukanidwa ndi rrsync. Kenako chotsani `-v` mu script, sinthani nthawi ya crontab kuti ikhale mphindi ziwiri kutsogolo, tulukani m'ma terminal onse a makina awiriwo, dikirani, n'kulowanso kukawerenga log ndi kuona tsiku la mafayilo amene afika ku nkhokwe.